Dimba Lopanda Dothi: Mafunso ndi Mayankho kwa Amayi a ku Mzuzu ndi Midzi Yozungulira

Pamene mitengo ya tung'i idabzalidwa pa chitunda cha Viphya kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Mzuzu adali kamudzi ka antchito a pa esiteti, kozingidwa ndi nkhalango ndi madambo, ndipo munthu wofuna dimba sankasowa poponya khasu. Koma kamudzi kaja, katalandira ulemu wa mzinda m'chaka cha 1985, kadakula mofulumira kotero kuti kalembera wa 2008 adapezamo anthu 133,968, ndipo wa 2018 adapeza 221,272. Anthu onsewa amadya nsima, ndipo nsima siyenda yokha. Tsono popeza madambo ambiri a m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa adasanduka mapuloti, ndipo midzi ya ku Dunduzu, Lusangazi, Choma ndi Nkhorongo ikuona nyumba za malata zikuiyandikira chaka ndi chaka, kwabuka funso lakuti mayi amene alibe munda wakewake adzapeza kuti mpiru wa ana ake ndi kandalama ka mchere ndi sopo. Limodzi mwa mayankho amene akumveka masiku ano ndilo ulimi wopanda dothi, umene akatswiri amautcha hydroponics. Ndasonkhanitsa pano mafunso amene munthu wanzeru ayenera kufunsa asanamasule mfundo ya pa chitenje chake, pakuti akale adati safunsa adadya phula.

Funso: Kodi n'zoona kuti mbewu ingakule popanda dothi, kapena ndi nkhambakamwa za ogulitsa mapaipi?

Yankho: N'zoona ndithu, amayi. Dothi limachitira mbewu zinthu zinayi: limaigwira kuti isagwe, limaisungira madzi, limasiya timipata topitamo mpweya kuti mizu ipume, ndipo limaipatsa michere. Koma mbewu siidya dothilo; imamwa michere imene yasungunuka m'madzi a m'dothimo. Ofufuza adawerenga zinthu 17 zimene mbewu siingakule popanda izo: zitatu imazitenga mumpweya ndi m'madzi, ndipo 14 zotsalazo zimalowera kumizu. Zina zimafunika zambiri, monga nayitirojeni, fosiforasi, potaziyamu, kashiyamu, maginiziyamu ndi salifa. Zina, monga ayironi, zinki ndi boroni, zimafunika pang'ono zedi, komabe zikasowa masamba amachita chikasu ndipo nsonga zimafota. Munthu akapeza njira ina yogwirira mbewu, yoimwetsera, yoipumitsira ndi yoidyetsera, mbewuyo imakula mosasamala kuti pansi pake pali dothi la katondo, mchenga wotsuka kapena madzi okhaokha.

Funso: Nzeru imeneyi idachokera kuti, ndipo kodi idayesedwapo pakati pa anthu osauka onga ife?

Yankho: Idayamba m'zipinda za ofufuza a ku Germany, kumene Julius von Sachs ndi Wilhelm Knop, cha m'ma 1860, adaonetsa kuti mbewu ingakule m'madzi osungunuliramo michere yoyezedwa bwino. Kwa zaka zambiri idakhala nzeru ya m'kalasi yokha, kufikira William Gericke wa pa University of California adaitulutsira pabwalo, nalima matimati aatali othyola ndi makwerero, ndipo dzina lakuti hydroponics lidamveka m'chaka cha 1937. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a America adalima ndiwo motere pa Ascension, chilumba cha miyala. Koma zonsezo zidali za eni chuma.

Chimene chikutikhudza ife chidachitika m'zaka za m'ma 1980 ku Jerusalén, dera la anthu osauka m'mphepete mwa mzinda wa Bogotá ku Colombia, kumene amayi okhala pa mapiri ouma, mothandizidwa ndi bungwe la UNDP, adayamba kulima pa madenga ndi m'makonde, m'mabokosi akale odzaza mankhusu a mpunga. Ndipo m'chaka cha 1993 bungwe la FAO lidasindikiza buku la César Marulanda ndi Juan Izquierdo lophunzitsa njira yosafuna zambiri imeneyi. M'chaka cha 1999 njirayo idafika ku Dakar, m'dziko la Senegal, kumene amayi amalima pa matebulo a thabwa odzaza makoko a mtedza, mankhusu a mpunga ndi timiyala. A FAO adalemba kuti tebulo la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, likasamalidwa bwino, lingathe kupereka mitu 36 ya letesi pa masiku 60 alionse, kapena makabichi 10 pa masiku 90, kapena makilogalamu 30 a matimati pa chaka. Nawo a World Food Programme adathandiza othawa kwawo a m'chipululu cha ku Tindouf ku Algeria kumeretsa chakudya cha mbuzi popanda dothi, ndipo kwa anansi athu a ku Zambia adakhazikitsa madimba otere m'masukulu. Choncho yayesedwa, ndipo m'malo ambiri oigwira ndi manja adali akazi.

Funso: Nanga n'chifukwa ninji mukulunjika amayi, ngati kuti abambo sadya ndiwo?

Yankho: Chifukwa cha nkhani ya malo. Kuno kumpoto, mwa mwambo wa Atumbuka ndi Angoni, mkazi akalowoledwa amakakhala kwa mwamuna wake, ndipo munda umene amalima, ngakhale aulime zaka makumi atatu, kuuthira manyowa ndi kuupalira mwana ali kumsana, ndi wa fuko la mwamunayo. Tsono mwamuna akatsogola kumanda, kapena ukwati ukasokonekera, kukhala kwake pa mundawo kumadalira mtima wa alamu ndi apongozi. Sindikunena kuti mabanja onse amapirikitsa akazi amasiye, pakuti ambiri amawasunga mwaulemu. Koma kusungidwa mwa chifundo n'kwina, kukhala mwini n'kwinanso. M'tauni namo vuto ndi lomwelo, langovala malaya ena: mayi wa m'nyumba ya lendi ku Chibavi, ku Mchengautuba, ku Zolozolo kapena ku Masasa kawirikawiri saloledwa kukumba pabwalo la mwini nyumba, ndipo akaloledwa, nagwira ntchito yokometsa dothi lija, tsiku losamuka chonde chonse amachisiyira wina.

Dimba la m'mabokosi ndi m'zigubu silitero. Limakwera pa wilibala pamodzi ndi mphasa ndi mapoto, ndipo kumene mwini wake akukagona, nalonso likukagona komweko. Ichi ndicho chimene chandikoka mtima pa ulimi umenewu koposa zokolola zake: kuti mkazi akhale ndi chinthu chobala chimene palibe anganene kuti chili pa nthaka ya makolo ake. Kuwonjezera apo, lili pafupi ndi mafuwa, silifuna khasu, ndipo likaikidwa pa miyendo yofika m'chiuno, agogo amene msana wawo udatopa, mayi woyembekezera ndi mlongo wathu woyendera njinga ya olumala angalisamale onse. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndipo mkazi mmodzi mwa atatu alionse a msinkhu wobereka adali woperewera magazi. Pamene a World Health Organization amalangiza kuti munthu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse. Ndiwo zimene zili pa khonde sizidikira kuti bambo abwere ndi ndalama madzulo.

Funso: Ndikafuna kuyamba, ndichite chiyani, ndipo ndigule chiyani?

Yankho: Pali njira ziwiri zimene sizifuna magetsi, ndipo ndikulangizani kuti muyambe ndi yoyambayo, chifukwa imakhululukira wophunzira akalakwitsa.

Njira yoyamba ndi ya bokosi. Mmisiri akukhomereni bokosi la matabwa otsala, mita imodzi mbali zonse, lakuya masentimita 10 kapena 12, loima pa miyendo. M'kati muyalemo pepala lakuda la pulasitiki, ndipo chakumunsi kwa mbali imodzi mubowole ndi kulowetsa kapaipi kotulutsira madzi otsala, amene muziwalandira m'ndowa ndi kuwathiranso mawa lake. M'malo mwa dothi mudzazemo mankhusu a mpunga osakaniza ndi mchenga wa kumtsinje wokhakhala, muyeso wofanana. Mankhusu sasowa kuno, popeza mpunga wa ku Karonga ndi wa ku Limphasa umapunthidwa m'zigayo zambiri. Koma musawagwiritse ntchito osaviika, ayambe akhala m'madzi sabata imodzi kapena ziwiri ndi kutsukidwa, kuti njere zotsalira zimere ndi kufa, ndiponso fumbi la gaga lichoke. Mchenga nawo utsukidwe kufikira madzi ake atayera. Njerwa zoswa tizidutswa ndi makala ophwanyika a pansi pa thumba zimathandizanso. Utuchi wa paini wa ku Chikangawa, ngakhale umapezeka mosavuta, ndi wofunika kuchenjera nawo: wauwisi uli ndi utomoni wopweteka mizu, ndipo powola umalanda nayitirojeni amene mbewu ikadadya; choncho ugwiritsidwe ntchito wokhalitsa, wotsukidwa, ndiponso wosakaniza ndi mchenga. Mbande mukaziwokera, muzithirira m'mawa uliwonse ndi madzi a michere, malita awiri kapena atatu pa bokosi, masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri muthire madzi okhaokha, ochuluka kawiri, kuti atsuke michere imene yaunjikana.

Njira yachiwiri ndi ya madzi okhazikika, imene Bernard Kratky wa pa University of Hawaii adaifotokoza bwino. Mutenge chigubu cha malita 20, chonga cha mafuta ophikira, muchitsuke kwambiri, muchigoneke, mubowole mabowo pamwamba, ndipo m'mabowomo mulowetse timakapu tobowola pansi ndi m'mbali, tokhala ndi mbande yogwiridwa ndi mankhusu kapena kansalu. Mudzaze madzi a michere kufikira akhudze pansi pa timakapu. Mbewu ikamamwa, madzi amatsika, mizu imawatsatira, ndipo pakati pa chivindikiro ndi madzi pamatsala mpata wa mpweya wachinyontho umene mizu yam'mwamba imapumiramo. Apa ndi pamene ambiri amalakwa chifukwa cha chifundo: poona madzi atsika amadzazanso mpaka pakamwa, namiza mizu yopumira ija, mbewu n'kufota ili m'madzi. Mukafuna kuwonjezera, onjezani pang'ono, mpata wa mpweya utsale. Mutu umodzi wa letesi umamwa pafupifupi malita anayi kuchokera powokera kufikira pokolola, choncho chigubu chimodzi chimakwana mitu inayi. Chigubucho chikhale chakuda kapena chokutidwa, chifukwa kuwala kukalowa mumamera ndere zimene zimadya michere.

Funso: Mwanena kangapo za madzi a michere. Kodi sindingasungunule feteleza wa chimanga amene ndili naye kale?

Yankho: Apa, amayi, ndipo pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani mudekhe nane. M'munda, feteleza amangowonjezera pa zimene dothi lili nazo kale. Ndiye chifukwa chake thumba la 23:21:0+4S, limene tidalizolowera zaka zambiri, linkakwanira ngakhale lidalibe potaziyamu ngakhale pang'ono, ndipo la 23:10:5+6S+1.0Zn limene lidabwera pambuyo pake lili naye wochepa. M'bokosi la mchenga mulibe nkhokwe yotere: chimene simunathire, mbewu siichipeza. Feteleza wa m'munda alibe michere yonse 14, sasungunuka yense, ndipo yureya amadalira tizilombo ta m'dothi kuti timusandutse chakudya chimene mizu ingalandire bwino. M'madzi okhaokha amatha kuwotcha mizu. Chofunika ndi michere yosungunuka yopangidwira ulimi umenewu, imene kawirikawiri imabwera m'magawo awiri, A ndi B. Kulekanitsako kuli ndi chifukwa: kashiyamu akakumana ndi salifa kapena fosiforasi zili zokhathamira, zimagwirana n'kusanduka nsenga zoyera zimene zimakhala pansi, mbewu osazimwa. Choncho muyambe mwathira madzi m'ndowa, kenaka gawo limodzi, mutakase, ndipo pambuyo pake gawo linalo, monga mwa muyeso wolembedwa pa paketi, poyezera ndi jakisoni wopanda singano; ndipo mbande zanthete muzipatse theka la muyesowo. Madziwo akhale owawasa pang'ono, pakati pa 5.5 ndi 6.5 pa muyeso wa pH, chifukwa akapitirira pamenepo ayironi amakhalamo koma mizu siitha kumutenga.

Tsono chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Michere imeneyi imachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholowa m'dziko chidakwera. Mayi amene wapatsidwa mabokosi okongola ndi bungwe, pamodzi ndi timabotolo tiwiri tamadzi amene sadziwa kuti muli chiyani ndi kumene amagulidwa, sanamasulidwe. Wangosintha womudalira, ndipo tsiku limene galimoto ya bungwelo idzaleka kubwera, dimba lake lidzauma. Chifukwa chake ndikunena motsindika kuti aliyense wobweretsa ulimi umenewu, kaya ndi boma, mpingo kapena bungwe, ayambe waphunzitsa amayi kusakaniza okha michere ya ufa, kuyeza pa sikelo, ndi kudziwa sitolo ndi mtengo wake. Thumba limodzi ndi lodula kwa munthu mmodzi, koma limakwanira mabokosi ambiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu la banki mkhonde, limene lidazolowera kale kusunga kaundula ndi kugawana mwachilungamo, lingagule thumbalo pamodzi, kusankha amayi awiri osakaniza, ndi kugulitsa kwa anzawo m'mabotolo. Pamenepo phindu la michere likhala m'gulu momwemo.

Ena amayesa madzi oviikamo manyowa a nkhuku kapena kompositi. M'bokosi la mankhusu zimathekako, makamaka manyowa akakhala owola bwino. M'chigubu cha madzi okhazikika zimanunkha ndi kuwoletsa mizu, ndipo pa masamba odya osaphika n'zoopsa.

Funso: Madzi a m'mpopi ndi olipira. Kodi bilu ya Northern Region Water Board siidzadya phindu lonse?

Yankho: Ulimi umenewu umamwa madzi ochepa kusiyana ndi dimba la pansi, chifukwa palibe amene amalowerera m'nthaka, ndipo otsala amabwezedwa. Komanso Mzuzu adadalitsidwa ndi mvula yopitirira mamilimita 1,200 pa chaka, imene imagwa kufikira mu April, nthawi zina mpaka May. Milimita imodzi ya mvula pa denga la mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi ya madzi. Ndiye kuti denga laling'ono, la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi, limakhetsa malita oposa 36,000 pa chaka, amene lero amangokokolola njira ndi kugumula maziko a nyumba za m'munsi, monga tidaonera mu April 2016 pamene mvula idagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa pa ntchito imeneyi, popeza alibe michere ina yosokoneza muyeso. Ngalande ya lata ndi mgolo wovindikira ndizo zoyamba kugula. Madzi a m'mpopi muwagoneke usiku umodzi m'ndowa yosavindikira kuti fungo la kolorini lichepe.

Koma mvula yomweyo ikagwera m'bokosi imatsuka michere yanu yodula ija. Choncho pakhale kadenga ka pulasitiki woonekera, kotseguka m'mbali kuti mphepo izipita. Ndipo musankhe malo amene dzuwa limafikapo maola asanu ndi limodzi, chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa kuno kumene mitambo ndi nkhungu zimachedwa kuchoka.

Funso: Timamva za madimba a makono okhala ndi mapampu, mapaipi oyera ndi makina olankhula ndi foni. Kodi popanda zimenezo tikuchita zenizeni?

Yankho: Mukuchita zenizeni. Njira ya mapaipi, imene Allen Cooper adaikonza ku England, imayendetsa timadzi tochepa pansi pa mizu usana wonse, ndipo imabala bwino. Koma pampu ikaima dzuwa lili pamutu, mizu imauma m'maola ochepa. Ife amene tidakhala mumdima namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 sitifunika kuuzidwa kuti magetsi amazima. Pampu ya sola ingabwere pambuyo, gulu likakhala ndi msika wodalirika. Zipangizo za makono zimene ndikuziona zaphindu kuyambira pachiyambi ndi zazing'ono: kachipangizo koyezera pH, kena koyezera kuchuluka kwa michere m'madzi, zimene gulu lonse lingabwerekane, ndiponso foni, yojambulira tsamba lodwala ndi kutumiza kwa alangizi pa WhatsApp, ndi yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kuti zilowe m'dzanja la wolima mwini.

Funso: Kodi ndiwo zomera m'madzi a mankhwala sizipweteka m'thupi?

Yankho: Michere si mankhwala ophera tizilombo. Nayitirojeni amene muzu umamwa kuchokera ku ndowe zowola ndi amene umamwa kuchokera m'paketi ndi mmodzi yemweyo pofika pa muzu, ndipo mbewu yake ndi yomweyo imene mumagula m'sitolo ndi kufesa kudimba. Choopsa chenicheni pa ndiwo zathu chili kwina: ofufuza a pa Mzuzu University, m'kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2017, adapeza tizilombo ta E. coli, tosonyeza kukhudzana ndi chimbudzi, pa masamba ambiri ogulitsidwa m'misika ya mumzinda muno. Ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene idatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko lino. Masamba okulira pa tebulo, othiriridwa ndi madzi oyera, ali kutali ndi madzi a m'ngalande. Komabe atsukidwe asanadyedwe. Mabotolo a michere akhale kumene ana safikako, ndipo asaikidwe m'mabotolo a zakumwa. Za udzudzu, chigubu ndi mgolo zikhale zovindikira bwino nthawi zonse.

Funso: Ndiye kuti tizilombo ndi matenda zatha?

Yankho: Iyayi. Zimene zimachepa ndi za m'dothi: udzu, njoka zing'onozing'ono zotupitsa mizu, ndi matenda ofotetsa matimati amene amakhala m'nthaka zaka zambiri. Zouluka ndi zokwawa zimabwerabe: nsabwe za m'masamba, mbozi za kabichi, akangaude ofiira a nyengo yotentha, ndi kambozi ka Tuta absoluta kamene kasautsa alimi a matimati. Pa bokosi limodzi kapena awiri, diso la m'mawa uliwonse ndi zala ziwiri zimagwira ntchito yaikulu. Madzi a sopo amathandiza pa nsabwe. Ndipo ombwe, umene akatswiri a pa malo ofufuzira za ulimi a Lunyangwa adaufufuza pakati pa alimi a masamba a kuno kumpoto, ndi wamphamvu, koma wofunika kuusamala, chifukwa umapha nsomba, ndipo masamba opoperedwa asathyoledwe tsiku lomwelo.

Funso: Kodi ndingalimemo chimanga kapena chinangwa?

Yankho: Musayese. Mbewu za nsima ndi kondowole zimafuna malo aakulu, ndipo mtengo wa michere ungapose mtengo wa ufa. Ulimi umenewu ngwa ndiwo: mpiru, repu, tchayinizi, letesi, bonongwe ndi anyezi wa masamba; matimati ndi tsabola zibwere mutazolowera, m'ndowa zakuya.

Funso: Nanga phindu la ndalama lilipo?

Yankho: Lilipo, koma lili ndi nyengo yake, ndipo wosaidziwa adzakhumudwa. M'chilimwe, pamene madimba onse akukolola ndipo malole a ku Jenda akutsitsa matimati, mpukutu wa mpiru pa Zigwagwa ndi pa msika waukulu umatsika mtengo kotero kuti mayi wogula michere sangapikisane ndi mnzake wothira manyowa a m'khola. M'miyezi imeneyo phindu lake ndi ndalama imene sanaitulutse pogula ndiwo. Koma m'dzinja, madambo akasefukira ndipo chiwawu chikagwira matimati a pamtetete, mpiru, repu ndi matimati zimasowa n'kukwera mtengo, ndipo pamenepo kadenga ka pulasitiki kaja kamabweza ndalama yake. Palinso ogula amene amafuna letesi ndi masamba onunkhiritsa chakudya chaka chonse: mahotela onga Sunbird Mzuzu, malo odyera, ndi malo ogona alendo a kunyanja ku Nkhata Bay ndi Chintheche. Otere amafuna katundu wofika sabata iliyonse mosaphonya, chimene mayi mmodzi sangathe, koma amayi khumi ofesa mosinthana angathe. Kuti amayi a mumzinda muno angayendetse malonda a pamodzi si maloto: a Kwithu Kitchen ku Luwinga akhala akukonza matimati m'mabotolo ndi kugulitsa uchi kwa zaka zambiri. Chimene ndikuletsa ndi mtima wonse ndi kuyamba ndi ngongole ya katapila, kapena kuyamba ndi mabokosi makumi awiri musanaone wogula.

Funso: Kodi mukamatiphunzitsa kulima m'zigubu, simukutiuza mwa njira ina kuti tileke kufunsa za minda?

Yankho: Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndikuthokoza kuti lafunsidwa. Kungakhale kuchimwira amayi ngati dimba la pa khonde lisanduka chotsekera pakamwa, kuti amene ali ndi mphamvu pa malo azinena kuti akazi apeza kale polima. M'buku la Numeri timawerenga za ana aakazi a Zelofehadi, amene atate wawo atamwalira opanda mwana wamwamuna, adaima pamaso pa Mose ndi akulu a khamu kupempha cholowa cha malo, ndipo mlandu wawo udapezeka wolungama. Malamulo a dziko lathu nawo salinso chete: lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana, ndipo limaika kulanda katundu wamasiye m'gulu la milandu; nalo lamulo la 2016 la malo a makolo limalola mkazi kulembetsa malo m'dzina lake kapena pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo limalamula kuti mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa m'komiti ya malo ya kwa gulupu, osachepera atatu akhale akazi. Mipando imeneyo ikhalidwe, ndipo okhalapo alankhule.

Ndiponso amene ali ndi munda asaufulatire. Ku Ekwendeni, bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, limene lidayambira pa chipatala cha mishoni m'chaka cha 2000, laonetsa kuti nandolo, mtedza ndi soya, pamodzi ndi kukwirira mapesi, zimabwezera chonde m'nthaka yotopa ndi thanzi mwa ana, ndiponso kuti mlimi amamvera mlimi mnzake koposa mlendo. Mayi amene ali ndi dimba la madzi osaphwa ndi khola la mbuzi ali kale ndi njira yotsika mtengo kuposa iyi. Ulimi wopanda dothi ngwa iye amene dothi lamuchepera, lamudwalira, kapena si lake.

Funso: Ndi mwezi uti woyenera kuyamba kuno ku Mzuzu?

Yankho: Kumapeto kwa April kapena mu May, mvula ikamakata ndipo mgolo uli wodzaza. Nyengo yozizira imakomera mpiru, repu ndi letesi, madzi sauma msanga, ndipo tizilombo timachepa, choncho wophunzira amapeza mpata wolakwitsa popanda kutaya zambiri. Kungoti mu June ndi July, usiku ukazizira kwambiri, mbewu imakula pang'onopang'ono, ndipo musaganize kuti michere yachepa n'kuwonjezera muyeso. Fesani njere m'kabeseni ka mankhusu ndi mchenga, ndipo pakapita pafupifupi masabata atatu, mbande zikakhala ndi masamba anayi, muziwokere madzulo. Pakapitanso masabata atatu kapena anayi mudzayamba kuthyola masamba akunja a mpiru, kusiya mtima wake kuti uziphukabe. Mu September ndi October, dzuwa likakula, muzithirira kawiri, madzulo ndi madzi okhaokha, ndipo zigubu muzikute ndi udzu kapena chiguduli kuti madzi asatenthe. Pofika mu November mudzakhala mutaona nyengo ziwiri, ndipo mudzamanga kadenga kokonzekera msika wa January ndi February. Sungani kope la sukulu lolembamo tsiku lofesa, muyeso wa michere, mipukutu imene mwadya ndi imene mwagulitsa. Ndipo bokosi lachiwiri likhomedwe kopelo likaonetsa kuti loyamba labweza mtengo wa matabwa, pulasitiki ndi michere yake.